Ntchito ya zithunzi 12 za m'banja: kuphunzira fulashi yakunja

Tsiku loyamba

Cholinga ndachilemba papepala n'kumata pakhoma kuti ndisachizembe: zithunzi 12 za anthu a m'banja mwathu, aliyense payekha, zambiri zojambulidwa m'nyumba madzulo poti ndiyo nthawi imene anthuwa amapezeka. Kamera ndili nayo kale. Chandiyambitsa ntchitoyi ndi manyazi a zithunzi za mwezi watha, zomwe ndinajambula ndi kafulashi kotumphuka pamwamba pa kamera kaja. Nkhope zonse zinatuluka zafulati ngati zositidwa, mphumi zili nyezinyezi, maso a ana ali psuu, ndipo kumbuyo kwa aliyense kuli mthunzi wakuda womatika pakhoma.

Vuto la kafulashika si kuchepa mphamvu kokha. Kamakhala pafupi kwambiri ndi lenzi, choncho kuwala kumapita molunjika n'kubwerera njira yomweyo. Mithunzi yomwe ikanaonetsa kuti mphuno ndi yotuluka, kapena kuti tsaya lili ndi kakumbika, imabisala kumbuyo kwa munthu. Maso ofiira aja nawo gwero lake ndi lomwelo: kuwala kumalowa m'diso, kukagunda kumbuyo kwake komwe kuli timitsempha ta magazi, n'kubwerera mu lenzi.

Tsiku lachitatu

Masiku awiri apita ndikungowerenga za mafulashi. Nambala yomwe opanga amaiika patsogolo ndi guide number, mwachidule GN. Masamu ake ndi osavuta: pa ISO 100 (ISO ndi muyezo wa mmene kamera imamvera kuwala), ukagawa GN ndi f-number (nambala yosonyeza kukula kwa bowo la lenzi, monga f/8) umapeza mtunda umene kuwala kungafike bwino. Timafulashi ta pakamera tambiri tili cha m'ma GN 12, ndiye pa f/8 timathera pa mita imodzi ndi theka. M'pake kumbuyo kwa zithunzi zanga kunali mdima bii.

Pali kamsampha komwe ndinatsala pang'ono kukodwamo. Mafulashi akuluakulu ambiri amalembedwa GN 60, koma nambalayo amaiyeza mutu wa fulashi utapanikiza kuwala ngati wa lenzi ya 200mm. Ukautambasula kuti ukwanire chipinda, nambala imagwa. Nikon SB-5000 ndi chitsanzo chabwino poti onse awiri amalembedwa: 55 pa 200mm, koma 34.5 pa 35mm. Ndiye poyerekeza mafulashi awiri ndaphunzira kuyamba ndafunsa kuti nambalayi yayezedwa pa mamilimita angati, ndiponso ili m'mamita kapena m'mafiti.

Zimene ndasankhira yomwe ndaitanitsa ndi izi. Mutu wake umawerama komanso kutembenuka mbali zonse mpaka kumbuyo. Mphamvu yake ndingaitsitse ndekha kuchoka pa 1/1 mpaka 1/128. Ili ndi wailesi ya 2.4 GHz m'kati, moti ndingaichotse pakamera n'kumailamula ndili patali. TTL, njira yoti kamera iziyeza kuwala n'kusankha yokha mphamvu ya fulashi, ilimonso, ngakhale pamenepa pamafunika kusamala: Canon ali ndi E-TTL II, Nikon ali ndi i-TTL, ndipo timapini ta pansi pa fulashi timasanjidwa mosiyana. Fulashi ya mtundu wina ikhoza kulowa bwinobwino pa hot shoe, polowetsa fulashi pamwamba pa kamera, n'kuwomba, koma osamvana ndi kamera pa za mphamvu. Ndinapenyetsetsanso hot shoe ya kamera yanga ngati ili ndi kachitsulo kapakati, chifukwa makamera ena monga Canon EOS 2000D ndi 4000D anatuluka opanda, ndipo fulashi yodalira pini imodzi yokhayo siwomba pamenepo. Yanga ili nako.

Amalume atamva za ntchitoyi anandibweretsera fulashi yawo ya nthawi ya filimu, yokutidwa m'kathumba kachikopa. "Tenga iyi mphwanga, sinandikhumudwitsepo." Ndinathokoza, koma sindinaiike pakamera. Mafulashi ena akale amatulutsa magetsi ochuluka pa phazi lawo, moti ena oyambirira a Vivitar 283 amapitirira mavoti 200, pomwe makamera ena a digito anapangidwa kuti azilandira ochepa kwambiri. Ya amalume si ya mtundu umenewo, komabe ndaisunga pashelefu mpaka nditaiyeza ndi mita yoyezera magetsi. Kuitsegula ndiye ayi: capacitor, kachipangizo kosunga magetsi ka m'kati mwake, imasunga mavoti cha m'ma 300 ngakhale mabatire atachotsedwa.

Tsiku la 6

Yafika. Ndinayamba ndi mabatire wamba a alkaline omwe anali m'dirowa, ndipo pa mphamvu yonse kanyali kosonyeza kuti yakonzeka kamachedwa mpaka munthu kuiwala kuti umadikira chiyani. Nditaikamo a NiMH ochajidwa, kudikira kunachepa kwambiri. Amalembedwa mavoti 1.2 pomwe a alkaline ndi 1.5, koma amatulutsa magetsi ambiri nthawi imodzi, ndipo n'chimene fulashi imafuna.

Kenako ndinachita mantha pachabe. Ndinajambula mpando, fulashi ili pa manual (mphamvu ndikusankha ndekha), ndipo theka la chithunzi linatuluka lakuda ngati wina watchinga ndi bolodi. Ndinajambulanso, chimodzimodzi. Mtima unagunda kuti kamera yafa. Nditayang'ana bwino, shutter inali pa 1/500.

Nkhani yake ndi iyi. Shutter ya makamera ambiri ili ndi makatani awiri. Yoyamba imatsegula, yachiwiri imatseka. Pa liwiro lotsika pamakhala kamphindi komwe sensa yonse, kachipangizo kolandira chithunzi, ili poyera, ndipo fulashi imawomba pamenepo. Ukapitirira malire, omwe pa makamera ambiri ndi 1/200 kapena 1/250, katani yachiwiri imanyamuka yoyamba isanafike, moti chimene chimadutsa pa sensa ndi kampata chabe. Fulashi ikawomba kamodzi imangowalitsa pomwe pali kampatako. Kamera yanga malire ake ndi 1/200. Ndalemba nambalayi pa tepi n'kumata kumbuyo kwa fulashi.

Tsiku la 9

Lero ndinapempha mlongo wanga kuti akhale pampando kwa mphindi khumi. Zinatha mphindi 40, ndipo pomaliza anali atatopa nane.

Ndinayamba ndi fulashi ili pakamera, yoloza nkhope. Chithunzi chake sichinasiyane kwenikweni ndi cha kafulashi kakang'ono kaja, kungoti chowala kwambiri. Apa mpamene ndinagwa mphwayi pang'ono. Ndinali ndikuganiza kuti chida chachikulu chibweretsa chokha chithunzi chabwino.

Nditaloza mutu kusiling'i, zinasintha nthawi yomweyo. Mthunzi wa pakhoma unasowa, khungu linasalala. Siling'i yoyera inasanduka nyali yaikulu ngati chipinda chomwe. Koma poti ndinali pafupi naye, kuwala kunkatsika kuchokera pamwamba penipeni pa mutu, ndipo maso analowa m'maenje awiri akuda, pansi pa chibwano pali bii. Anati ataona, "Achimwene, ndikuoneka ngati ndadwala sabata yathunthu." Sanalakwitse.

Ndinasolola kakhadi koyera ka pamutu pa fulashi, ndipo kanabwezera kuwala pang'ono m'maso, m'diso lililonse mukuoneka kadontho kowala. Zinakhalako bwino. Koma chithunzi chomwe ndasunga chinabwera nditatembenuza mutu wa fulashi kuloza pakona pomwe khoma lakumanzere limakumana ndi siling'i, cham'mbuyo kwa phewa langa. Munthu woonerera angaganize kuti wasokonezeka, ukuwalitsa komwe kulibe munthu. Koma kuwalako kumabwerera kuchokera m'mbali, kofewa ngati kwa pawindo m'mawa. Tsaya limodzi linawala, linalo linalowa mumthunzi pang'onopang'ono. Nkhope inakhala ndi thupi.

Ndinayesanso kuchipinda china komwe khoma ndi lobiriwira. Mlongo wanga anatuluka wobiriwira. Khoma limabweza kuwala ndi mtundu wake womwe.

Chimodzi mwa 12 chatheka.

Tsiku la 12

Ndinayesa kachipewa kapulasitiki koyera kamene kamavekedwa pamutu pa fulashi. M'nyumba kamathandiza, poti kamamwaza kuwala kumakoma onse. Pabwalo usiku sikanasinthe kanthu kupatula kudya batire. Kufewa kwa kuwala kumachokera pa kukula kwa gwero lake poyerekeza ndi munthuyo, ndipo kachipewaka n'kofanana msinkhu ndi mutu wa fulashi. Ndakabweza m'bokosi.

Tsiku la 15

Lero linali tsiku la agogo aakazi, ndipo ndi chithunzi chawo chomwe chinandipangitsa kuganiza za ntchito yonseyi. Kuchipinda kwawo siling'i ndi yamatabwa oderako, makoma ali ndi makatani, ndiye zogunditsa kuwala pakhoma sizikanatheka. Ndinanyamula sitandi, ambulera yoyera yojambulira, ndi kotumizira wailesi kokhala pa hot shoe. Kanali koyamba kuchotsa fulashi pakamera pamaso pa munthu.

Anandiyang'ana ndikutambasula ambulera m'nyumba ndipo anafunsa ngati denga layamba kudontha.

Ndinayamba ndi TTL poganiza kuti ndisawatopetse. Zithunzi zisanu ndi chimodzi zotsatizana, maso otsinzina kapena otsinzina theka. "Agogo, tayesani kusaphethira." "Iwe mwana, ukandithwanimitsira moto m'maso ndisaphethire bwanji?" Anali ndi mfundo. TTL imawomba kawiri: kakuwala kochepa koyezera kaye, kenako kwenikweniko. Kwa ambiri ziwirizi zimaoneka ngati kamodzi, koma pali anthu amene diso lawo limathamanga, moti pofika kuwala kwachiwiri chikope chatsika kale. Agogo ndi mmodzi mwa iwo. Panalinso vuto lina. Anavala bulauzi yoyera mbee, ndipo kamera ikaona kuyerako inkatsitsa mphamvu, nkhope yawo n'kuda. Ndikasuntha pang'ono kuti katani yakuda ilowe m'chithunzi, inkakweza mphamvu. Chithunzi chilichonse chinkatuluka ndi kuwala kwake.

Ndinasinthira ku manual, mphamvu 1/8, f/4, ISO 200, shutter 1/160. Kuwomba kumodzi. Maso anatseguka.

Apa mpamene phunziro lenileni linayambira. Ambulera ndinali nditaiika mamita awiri kuchoka pomwe anakhala, poopa kuwapanikiza. Pamphumi ndi pamasaya pankaoneka timadontho towala kwambiri. Khungu lakuda limaonetsa gwero la kuwala ngati galasi losaoneka bwino: gwero likakhala laling'ono, umaona kadontho koyaka, likakhala lalikulu, kunyezimirako kumatambasuka n'kukhala chimene chikujambula maonekedwe a nkhope. Ndiye mankhwala ake si kutsitsa mphamvu, koma kukulitsa gwero. Ndinakokera ambulera pafupi, mita imodzi, pamwamba pang'ono pa maso awo, cham'mbali.

Chithunzi chotsatira chinapsa, choyera mopitirira. Ndinaiwala lamulo lomwe ndinaliwerenga kangapo: ukachepetsa mtunda ndi theka, kuwala kumachuluka kanayi, osati kawiri. Kuchoka pa mamita awiri kufika pa imodzi ndi masitopu awiri athunthu (sitopu imodzi ndi kuwala kuwirikiza kawiri). Ndinatsitsa kuchoka pa 1/8 kufika pa 1/32 ndipo zinakhala m'malo. Lamulo lomwelo linandipatsa mphatso yomwe sindinaipemphe. Poti agogo anali pafupi ndi nyali pomwe khoma linali kutali, kumbuyo kunada kokha, ndipo makatoni omwe anaunjikidwa pakona anasowa osawasuntha.

Mbali ya nkhope yakutali ndi ambulera inada kwambiri, ndiye ndinapempha mdzukulu wina kuti agwire pepala lalikulu loyera mbali imeneyo. Linabweza kuwala kokwanira kuti khutu ndi ndolo zioneke. Makwinya onse a pankhope pawo alimo, koma sakuoneka ngati mabala. Ndinawaonetsa pa kasikirini. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Awa ndi amayi anga." Sindinajambulenso china.

Tsiku la 19

Abambo anakana zokhala pampando wapakati pa chipinda. Anati ndiwajambule pomwe amakhala masiku onse, patebulo lawo lowerengera, nyali yawo ili chiyakire. Zinandikomera, koma zinabweretsa nkhondo ya mitundu. Fulashi imatulutsa kuwala kofanana ndi kwa masana, cha m'ma 5500K. Babu la nyali yawo ndi lofiirira, cha m'ma 2700K. Ndikakonza white balance, yomwe imauza kamera mtundu wa kuwala komwe kulipo, kuti nkhope ikhale bwino, chipinda chimasanduka cha olenji. Ndikakonzera chipinda, nkhope imakhala yabuluu ngati ya munthu wozizidwa.

Yankho ndi kapulasitiki kopyapyala ka mtundu wa olenji kotchedwa CTO, komata pamutu pa fulashi. Kamasandutsa kuwala kwa fulashi kukhala kofanana ndi kwa babu, kenako white balance umaiika pa tungsten, ya kuwala kwa babu, ndipo zonse zimagwirizana. Kamadyako mphamvu pang'ono, ndiye ndinakweza. Ndinakonda zotsatira za CTO ya theka, ya olenji wopepuka, kuposa yathunthu, poti inasiya nyali ikuonekabe yofunda poyerekeza ndi nkhope.

Chachiwiri chomwe ndagwira lero, ndipo ndikuona kuti ndicho chofunika kuposa zonse mpaka pano: chithunzi cha fulashi ndi zithunzi ziwiri zosanjikizana. China ndi cha kuwala komwe kulipo kale, china ndi cha fulashi. Kung'anima kwa fulashi n'kwachidule kwambiri, moti bola usapitirire malire aja, shutter siikhudza. Pa 1/200 nyali ya abambo inkangooneka ngati kadontho, chipinda chili mdima. Pa 1/30 chipinda chinadzuka, mabuku a pashelefu anaoneka, koma nkhope inakhala chimodzimodzi. Ndiye dongosolo langa tsopano ndi lakuti ndizimitse fulashi kaye, ndikonze chipinda mmene ndikuchifunira, kawirikawiri chodera pang'ono, kenako ndiyatse fulashi ya munthuyo. Kale ndinkachita chosemphana, n'chifukwa chake zithunzi zinkaoneka ngati munthu wagwidwa ndi tochi.

Pa 1/30 dzanja lawo logwira cholembera linachita mbuu pang'ono poti ankalemba zenizeni. Ndalisiya choncho.

Tsiku la 22

Ana atatu tsiku limodzi, kulakwitsa kwanga. Sakhazikika, ndiye ndinkangowomba motsatizana pa mphamvu yonse poti ambulera ndinaiika kutali kuti asaigwetse. Mwadzidzidzi fulashi inayamba kuchedwa, pasikirini yake pakuoneka chizindikiro cha kutentha. Mutu wake unali wotentha ndithu, mabatire nawonso. Imadziteteza yokha ikatenthedwa. Tinapuma, ndipo pobwerera ndinakweza ISO kuchoka pa 100 kufika pa 400, fulashi n'kutsikira pa 1/4. Kuwala kofanana, kudikira kochepa, kutentha kulibe. Ndinali ndikuumirira ISO 100 ngati ndi lamulo, pomwe pa 400 kusiyana sikuoneka n'komwe.

Mphamvu yotsika ili ndi ubwino wina: kung'anima kumafupika. Pa mphamvu yonse kumatenga gawo limodzi mwa mazana angapo a sekondi, koma pa 1/64 kapena 1/128 kumafupika kufika pa gawo limodzi mwa masauzande ambiri. Mwana wamng'ono kwambiri ndinamugwira ali m'malere, akudumpha pabedi, chala chilichonse chikuoneka bwino, shutter ili pa 1/200 pokha. Choimitsa kuyenda ndi fulashi, osati shutter. Usiku ana atagona ndinataya ola lathunthu ndikujambula madontho a madzi akugwera m'mbale, kutsanzira Harold Edgerton wa ku MIT amene chithunzi chake cha dontho la mkaka looneka ngati chisoti chachifumu ndi cha 1957. Pa zithunzi zambirimbiri ndinapezapo ziwiri. Sizili m'ndondomeko ya ntchitoyi, koma sindikudandaula.

Mnyamata wamkulu anafuna chake akhale akuthamanga ndi tochi. Pa shutter ya theka la sekondi mzere wa kuwala unkatuluka kutsogolo kwake, ngati akuthamanga chafutambuyo. Nditasintha kuti fulashi iziwomba pa katani yachiwiri, kumapeto kwa chithunzi, mzerewo unatsalira kumbuyo kwake komwe ukuyenera.

Tsiku la 26

Amalume amapezeka masana okha ndipo anafuna pabwalo. Dzuwa linali paliwombo, chipewa chawo chikuphimba maso. Apa mpomwe fulashi yanga inaonekera kuchepa kwake.

Padzuwa lowala, pa ISO 100 ndi 1/200, lenzi imafunika kukhala cha m'ma f/11. Tikatenga GN ya m'ma 30 n'kugawa ndi 11, fulashi yopanda kanthu kutsogolo imathera pafupi ndi mamita atatu, ndipo ambulera ikabwerapo imadya zambiri. Ine ndinkafuna f/2.8 kuti kumbuyo kuchite mbuu, zomwe zimafuna shutter ya m'ma 1/3200. Ndinayatsa HSS (high-speed sync), njira yolola fulashi kugwira ntchito pa shutter yopitirira malire aja. M'malo mowomba kamodzi, fulashi imaphulika timaulendo tambirimbiri mothamanga nthawi yonse imene kampata kaja kakudutsa pa sensa. Bolodi lakuda lija silibwera, koma mphamvu yambiri imathera pa makatani. Ndi ambulera, pankhope sipanafike kanthu kooneka.

Mphepo nayo inagwetsa sitandi. Ambulera yathyoka nthiti imodzi, fulashi yapulumuka chifukwa inagwera pa ambulerayo. Kuyambira lero sitandi siima pabwalo popanda cholemera pamiyendo kapena munthu woigwira.

Tinasamukira pamthunzi wa khoma, dzuwa lili kumbuyo kwawo likuwalitsa m'mphepete mwa mapewa. Pamenepo fulashi sinkalimbananso ndi dzuwa, inkangodzaza nkhope. Amalume anafunsa ngati ndagwiritsa ntchito yawo ija. Ndinawauza zoona, kuti ndikudikira kuiyeza. Anangoti, "Zinthu zamakonozi n'zosachedwa kudwala."

Tsiku la 30

Zatheka zisanu ndi zitatu: mlongo wanga, agogo, abambo, ana atatu, amalume, ndi azakhali omwe ndinawajambula dzulo pogunditsa kuwala pakhoma la kukhitchini, mphindi zisanu basi. Nditaziyala pamodzi ndaona kuti cha mlongo wanga, chomwe ndinkachinyadira pa tsiku la 9, chipinda chake n'chakuda mopitirira poyerekeza ndi zinazo. Ndinachijambula ndisanadziwe zoyamba ndi kuwala kwa m'chipinda. Ndimupemphanso, ngati angalole.

Nditayang'ana manambala a zithunzi zomwe ndasunga, palibe n'chimodzi chomwe chimene chinajambulidwa pa mphamvu yonse, ndipo TTL ndinaigwiritsa ntchito pa cha azakhali chokha. Ndinali ndi maganizo ogula fulashi yachiwiri yowalitsira tsitsi kuchokera kumbuyo, koma ndaimika kaye. Pepala loyera lija likugwirabe ntchito.

Otsala ndi amayi, achimwene aakulu, alamu anga, ndi ine mwini. Amayi amavala magalasi, ndipo poyesa ndi magalasi anga usiku wapitawu ambulera yonse inaoneka m'diso lililonse. Kuikweza m'mwamba n'kuisunthira m'mbali kunachotsa kumodzi, kwinako kudakalipo. Loweruka ndiyesa kuwapempha kuti aweramitse chibwano pang'ono. Nthiti ya ambulera ndaimanga ndi waya, ndipo mita yoyezera fulashi ya amalume ndabwereka.